Mfuti, Khutu ndi Mbalame za pa Nyika

Chaka ndi chaka, makamaka mvula ikamayandikira, pa chipata cha Thazima m'boma la Rumphi pamaloŵa alendo amene sadzera njovu kapena mbidzi. Katundu wawo ndi wochepa: magalasi oonera patali olendeŵera pakhosi, buku la zithunzi za mbalame, ndi kope lolembamo. Amadzuka m'bandakucha, nakaimirira m'mphepete mwa nkhalango mame akali pa udzu, kudikira kuti kambalame kokwana m'chikhatho kalire. Kwa ambiri a ife zimenezi n'zoseketsa. Kwathu kuno mbalame ndi nkhani ya anyamata a legeni ndi ulimbo, ndipo munthu wamkulu wa ndevu zake akamalondola timba m'tchire timangoti ndalama zamuchulukira. Komatu ntchito imeneyi ili ndi mbiri ya zaka zoposa 130 pa Nyika pokha, ndipo m'mbiriyo muli mfuti, muli anthu athu amene maina awo sadalembedwe, mulinso midzi imene idasamutsidwa. Ndi bwino, aŵerengi okondedwa, kuti tiyambe taimva tisanaseke.

Nyika ndi dziko lathyathyathya la pamwamba pa mapiri, logaŵana maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga, ndipo kachigawo kake kakang'ono kali m'Zambia. Nsonga yake, Nganda, ndi yotalika mamita opitirira 2,600. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimayeretsa udzu m'maŵa. Munthu akafika pamwambapo amaona zitunda za udzu waufupi kufikira kumene maso alekeza, ndipo m'makwaŵa ndi m'zigwa muli timankhalango tobiriŵira chaka chonse, tomwazikana ngati zilumba m'nyanja. Nkhalango zodziŵika kwambiri kwa okonda mbalame ndi Zovochipolo, kumbali ya Malaŵi, ndi Chowo, kutsidya kwa malire. Pa Nyika palembedwa mitundu ya mbalame yoposa 400, pamene m'dziko lonse la Malaŵi muli mitundu pafupifupi 650. Funso ndi lakuti chiŵerengero chimenechi chidapezeka bwanji, ndipo adachipeza ndani.

Chidayamba ndi mfuti. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890 Richard Crawshay, amene ankagwira ntchito ya boma la Angerezi m'mbali mwa nyanja cha ku Chilumba, adakwera pa Nyika, ndipo mpaka lero nkhwali ya mapiko ofiira ya pamwambapo imatchedwa ndi dzina lake m'mabuku a ophunzira, monganso mbidzi za kumeneko. Mu 1896 kudafika Alexander Whyte, Msikochi amene Harry Johnston adamlemba ntchito yofufuza zomera ndi zamoyo za m'dziko lino, yemwe uja dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje. Adali nkhalamba ya zaka zoposa 60 pamene adayenda pa Nyika ndi m'mapiri a Misuku. Mbalame zimene adazipeza adaziwombera, nazisenda, nadzaza zikopa zake ndi thonje, ndipo ku mwendo kwa iliyonse adamangirira kapepala kotchula malo ndi tsiku. Mabokosiwo adapita ku England, kumene George Ernest Shelley adazifanizira ndi zikopa zina, nalemba za izo m'magazini ya akatswiri a mbalame yotchedwa Ibis.

Tisafulumire kuwaweruza ndi muyeso wa lero. Masiku amenewo kudalibe mabuku a zithunzi za mbalame za kuno, magalasi adali osaona bwino, ndipo njira yokhayo yotsimikizira kuti mbalame iyi ndi yosiyana ndi ina ya ku Kilimanjaro idali kuzigoneka pamodzi pa tebulo ndi kuyeza mlomo ndi phiko. Zikopa zimenezo zikalipo, ndipo ophunzira akuzigwiritsabe ntchito. Chimene chimandiŵaŵa ine ndi kapepala ka ku mwendo kaja. Pamalembedwa dzina la mwini ulendo. Koma nkhalamba ya zaka 60 siikwera Nyika yokha. Padali amtengatenga osenza mahema ndi mabokosi, padali Aphoka odziŵa njira za m'nkhungu ndi pamene pali madzi, padalinso anthu otola mbalame yakufa m'ziyangoyango momwe mlendo sakadaipeza. Onseŵa adaloŵa m'mbiri ndi dzina limodzi lokha la "anyamata".

Mu 1930 Charles Belcher, wa ku Australia, amene adakhala woweruza milandu m'Nyasaland, adasindikiza buku lotchedwa The Birds of Nyasaland. Lidali buku lothandiza, koma mapiri a kumpoto adali asanafufuzidwe mokwanira. Ntchito imeneyo idadikira anthu aŵiri amene adakumana m'zaka zomwezo za m'ma 1930.

Woyamba ndi Constantine Walter Benson, amene adafika m'dziko muno mu 1932 kudzagwira ntchito ya pa boma, nakhala zaka pafupifupi 20 asanasamukire ku Northern Rhodesia. Nthaŵi yake yonse yopuma idathera pa mbalame. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adayendera mapiri a chigawo cha kumpoto, ndipo mu 1939 adalongosola mtundu wa kambalame koimba ka m'udzu kamene adakatcha nyikae, kutanthauza kuti n'ka pa Nyika. Mu 1948 adatcha choso wa mkanda wofiira pachifuwa wa pamwambapo dzina la whytei, pokumbukira nkhalamba ija. Mndandanda wake wa mbalame za m'Nyasaland udatuluka mu 1953, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake Mary adatulutsa buku la The Birds of Malawi.

Wachiŵiri ndi Bambo Jali Makawa, ndipo pa iwoŵa ndifuna tikhalitsepo pang'ono. Adali Mlomwe, wobadwira ku Mozambique cha m'ma 1914, mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene adawoloka malire kudzakhala kuno m'zaka zimenezo. Adaloŵa pakhomo pa Benson ngati wantchito wamba. Posakhalitsa bwana wawo adazindikira kuti mnyamatayu akuona ndi kumva zimene iye, ndi maphunziro ake onse a ku Cambridge, sankaziona kapena kuzimva. A Makawa adaphunzira kusenda ndi kukonza zikopa mwaluso, koma chimene chidawatchukitsa pakati pa akatswiri ndi khutu lawo ndi pakamwa pawo: ankasiyanitsa kulira kwa mbalame zofanana maonekedwe, ankazindikira msanga kulira kumene sadakumvepo, ndipo ankatha kuyerekeza mbalame ndi likhweru mpaka iyo kubwera pafupi.

Kuti timvetse kukula kwa luso limeneli tiyenera kudziŵa mmene nkhalango ya m'mapiri ilili. M'dambo kapena m'munda mbalame imaoneka. M'nkhalango ngati ya Chowo muli mdima ngakhale dzuŵa lili paliwombo. Mitengo ndi yaitali, nthambi zake zakutidwa ndi ndere, ndipo pansi pali ziyangoyango. Mungathe kuyendamo tsiku lonse osaona kanthu koposa tsamba logwedezeka. Mbalame zambiri za mmenemo zimadziŵika ndi mawu okha. Tsono yaimuna iliyonse ili ndi dera lake limene imalilondera, ndipo ikamva inzake ikuimba m'deralo imabwera mwaukali kudzaipirikitsa. Masiku ano alendo amanyenga mbalame ndi mawu ojambulidwa pa foni. M'masiku a Benson kudalibe zimenezo, kotero munthu wotha kuyerekeza kulira kwa mbalame adali ngati kiyi wa nkhalango yonse. Luso lotere siliphunziridwa m'kalasi. Ndi lomwe lija la mlenje amene amayankhana ndi nsadzu mpaka kumfikitsa pa uchi, ndi la mnyamata wobusa mbuzi amene amadziŵa kuti pumbwa akalira mwakutimwakuti pali njoka pafupi.

A Makawa adatsagana ndi Benson kutali. Adali naye kumwera kwa Ethiopia pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kumene Benson adalongosola namzeze wa mchira woyera wa ku Mega mu 1942. Adali nayenso pa zilumba za Comoros mu 1958, pa ulendo wokumbukira zaka 100 za bungwe la British Ornithologists' Union. Akatswiri ena, monga Melvin Traylor wa ku Chicago, adagwira nawonso ntchito. Ndiyenera kunena chilungamo kuti Benson sadawabise. Mu 1945 adatcha mtundu wina wa mbalame ya m'nkhalango za m'mapiri a kumwera kwa dziko lino dzina la makawa, ndipo mu 1962 Traylor adatcha kambalame ka m'zidikha za kumadzulo kwa Zambia makawai. Ulemu wotere sunkapatsidwa kwa Mwafirika kaŵirikaŵiri. Komabe pa zikuto za mabuku pali maina a ena, ndipo A Makawa adamwalira mu 1995 ali odziŵika kwambiri ku Cambridge ndi ku Chicago kuposa kwawo kuno. Funsani mwana wa sekondale amene amatchula Livingstone ndi Johnston mosajejema ngati adamvapo za iwo.

Pamene Benson ndi A Makawa ankaŵerenga mbalame, ena adali ndi malingaliro ena pa Nyika. Mu 1948 boma lidateteza kankhalango ka mitengo yofanana ndi mkungudza, imene ophunzira amaitcha Juniperus procera, kumwera chakum'maŵa kwa phirili. Mu 1949 kudabwera Laurens van der Post, wotumidwa kudzaona ngati Mulanje ndi Nyika zingapindulitse pa ulimi ndi ziŵeto. Buku limene adalemba pambuyo pake, Venture to the Interior, lidagulidwa kwambiri ku Ulaya, ndipo lidajambula Nyika ngati dziko lopanda eni, losadziŵika. Izi n'zodabwitsa tikakumbukira kuti mishoni ya Livingstonia idali itakhazikika pa Khondowe, m'mphepete mwenimweni mwa phirili, kuyambira 1894. Wolemba mbiri John McCracken adaonetsa mu 2006 mmene chithunzi chimenechi chidaphimbira Aphoka, amene adakhala m'mapiri amenewo kwa mibadwo, kulima m'matsitso, kusaka ndi kufula njuchi pamwamba. Mabwinja a ng'anjo zosungunulira chitsulo akalipo pa Nyika, ndipo m'phanga la Fingira mudapezeka zida za miyala ndi mafupa a anthu a kale lomwe. Nyanja yaing'ono ya Kaulime idali malo olemekezeka kwa anthu a kumeneko.

Koma chithunzi cha dziko lopanda eni ndicho chidapambana. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation lidabzala mitengo ya paini pa Chelinda ndi cholinga chopanga mapepala. Mitengo idakula, koma ntchitoyo siidapite patali, popeza malowo ali kutali ndi misewu ndi misika. Mu 1965 pamwamba pa Nyika padakhala paki yoyamba ya dziko la Malaŵi. Mu 1978 pakiyo idakuzidwa kufika pa makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake lonse, kuphatikizapo matsitso a mitengo ya miombo kumene kudali midzi. Anthu zikwizikwi adasamutsidwa, kusiya minda, mitengo ya zipatso ndi manda a makolo awo. Idali nthaŵi imene munthu sankafunsa boma kaŵiri.

Padali zifukwa zomveka, ndipo sitingazikane. Mitsinje yambiri ya kumpoto imachokera pa Nyika, ndipo magetsi a pa Wovwe amadalira madzi a kumeneko. Mbalame za m'miombo ya m'matsitsomo, zimene m'madera ambiri zatha pamodzi ndi mitengo yopsereza makala, zidapulumuka chifukwa cha malire a 1978. Munthu aliyense wokonda mbalame amene amakondwera nazo lero akudya za m'munda umene ena adalira pousiya, ndipo ndi bwino adziŵe zimenezo.

Koma chifukwa china chimene chinkatchulidwa kaŵirikaŵiri chidapezeka chosalimba. Akatswiri ambiri a nkhalango ankakhulupirira kuti kale Nyika yonse idali nkhalango imodzi, ndi kuti anthu ndi moto wawo ndiwo adaisandutsa udzu, n'kungotsala timagulu ta mitengo m'makwaŵa. Mu 1984 Michael Meadows adasindikiza zimene adapeza atakumba matope a m'madambo a pamwambapo. M'matope otere mumasungika mungu wa zomera zimene zidamera pafupi, wakale pansi, watsopano pamwamba, ngati masamba a buku. Munguwo udaonetsa kuti udzu wakhala wochuluka pa Nyika kwa zaka zikwi zambiri. Moto wa anthu ungadye m'mphepete mwa nkhalango, inde, koma udzuwo si chipsera cha tchimo la Aphoka. Ndipo mbalame zomwe zikadatha kuchitira umboni. Kambalame ka nyikae kaja, timba za m'udzu wa m'mapiri, ndi mbalame yaikulu yoyenda pansi imene Angerezi amaitcha Denham's bustard, zonsezi moyo wake ndi wa m'udzu. Mtundu wa mbalame sukhala wakewake wa pamalo m'zaka mazana aŵiri kapena atatu.

Chaka chimodzi chitapita chisamutsireni midzi, pa Nyika padafika anthu aŵiri amene adasintha kafufuzidwe ka mbalame za m'nkhalango zake. Robert Dowsett ndi mkazi wake Françoise Dowsett-Lemaire adakhala kumeneko kuyambira 1979 mpaka 1982. Mayiyu, wa ku Belgium, adali atadziŵika kale chifukwa cha khutu lake. Ku Ulaya kuli kambalame kotuŵa ka m'mabango ndi m'zitsamba, kotchedwa Acrocephalus palustris, kamene nyimbo yake ndi yongobwereka kwa mbalame zina. Iye adajambula nyimbo zake nazimvetsera chidutswa ndi chidutswa, ndipo mu 1979 adalengeza kuti wazindikiramo mawu a mitundu 212 ya mbalame: 99 ya ku Ulaya, ndi 113 ya ku Afirika. Kambalameka kamathaŵa chisanu cha ku Ulaya kubwera kum'maŵa ndi kumwera kwa Afirika, ndi kuno komwe, ndipo ana ake amaphunzira nyimbo ali pa ulendo wawo woyamba. Tangoganizani: mlimi wa ku Belgium amamva pumbwa akulira m'mphepete mwa munda wake, osadziŵa kuti akumva mawu a kutsidya kwa nyanja.

Pa Nyika aŵiriŵa adatchera maukonde opyapyala m'nkhalango, nagwira mbalame zamoyo, naziveka timphete ta manambala ndi ta mitundumitundu ku miyendo, n'kuzimasula. Kenaka ankabwerera tsiku ndi tsiku, nyengo ndi nyengo, kumvetsera kuti ikuimba ndi iti ndipo ili pati. Mfuti imangouza munthu kuti mbalame yakuti idalipo tsiku lakuti. Mphete ndi khutu zidaulula za moyo wake. Zidaonetsa kuti timbalame ta m'nkhalango timakhala zaka zambiri, ndipo timakakamira kadera komweko chaka ndi chaka. Za kambalame ka mutu wabuluu, mimba yachikasu ndi kadontho koyera pakhosi, kotchedwa Pogonocichla stellata, zidadziŵika kuti chisanu chikafika zazikazi zimatsikira kumunsi kofunda, pamene zazimuna zambiri zimatsala pamwamba kulondera malo awo. Amayi a m'maboma a kumpoto, amene kwa zaka zambiri adatsala pakhomo abambo ali ku migodi ya ku Joni, angaseke pomva kuti kwa mbalameyi zinthu n'zotembenuka.

Pali phunziro la ntchito m'zimenezi limene oyang'anira nkhalango sangalinyalanyaze. Ngati mbalame imaswana pamwamba koma imathaŵira kumunsi nthaŵi ya chisanu, kuteteza nkhalango ya pamwamba pokha sikukwanira; mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje ya kumunsi, kunja kwa paki, ikatha, mbalameyo idzachepa ngakhale alonda atachuluka chotani pa Chelinda. Mayi Dowsett-Lemaire adafufuzanso zipatso zimene mbalame ndi nyama za m'nkhalango zimadya, ndi mmene zimamwazira njere zake, kusonyeza kuti mitengo yambiri ya mmenemo imadzalidwa ndi mbalame. Ntchito yawo ya m'dziko lonse idathera m'buku lalikulu la mapu ndi mbiri ya mtundu uliwonse, limene lidatuluka mu 2006.

Mwa mbalame zonse zimene alendo a pa Thazima aja amadzera, yofunidwa kwambiri mwina ndi namzeze wabuluu, Hirundo atrocaerulea. Ndi wakuda mobiriŵira, wonyezimira padzuŵa, ndipo wamwamuna ali ndi nthenga ziŵiri zazitali ngati ulusi ku mchira. Samanga pa khonde la tchalitchi ngati anamzeze amene tidawazoloŵera. Chisa chake cha dothi amachimata m'maenje a pansi, m'magomo a timitsinje kapena m'mauna okumbidwa ndi nyama, pakati pa udzu wa m'mapiri a nkhungu. Amafika cha mu Seputembala ndi Okutobala, naswana m'dzinja, ndipo cha mu Epulo amanyamuka ulendo wa ku madambo a m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya. Ku South Africa atsala oŵerengeka, makamaka chifukwa udzu wa m'mapiri udasandutsidwa minda ya paini ndi bulugama. Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa kumene akali kuswana ambiri. Ntchito ya mapepala ya pa Chelinda ikadayenda monga eni ake adafunira, mwina bwenzi tikunena zina.

Mu 2023 boma la Malaŵi lidasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi paki ya Nyika, ndipo m'mapangano a masiku ano mawu akuti "anthu ozungulira paki" sasoŵamo. Achinyamata ena a m'midzi ya kumeneko ndiwo tsopano amatsogolera alendo m'nkhalango, kuwauza kuti imene yalirayo ndi yakuti, mlendo asanakweze n'komwe magalasi ake. Amatchula maina a Chingerezi, pakuti ndiwo ali m'buku la mlendo, monganso ine ndatchula a Chilatini pamene Chicheŵa chandithera, popeza mbalame za m'mapiri amenewo sizipezeka m'midzi ya Acheŵa. Amene angadziŵe maina ake enieni a m'Chitumbuka cha Aphoka, ndi nthano zake, ndi nyengo imene iliyonse imalira, ndi anthu amene adakulira m'matsitso a Nyika malire asanasunthe. Mnyamata amene ankabusa mbuzi kumeneko ali ndi zaka 12 mu 1978, lero ali cha m'ma 60, ndipo makolo amene adamphunzitsa mainawo ambiri adagona kale, kutali ndi nkhalango zimene ankazidziŵa.